Chichotseni Msanga

3 Malichi

Mzime,

Moni kuchokera kwanu kuno kumene unakuiwala. Tonse tilipo, bambo, alamu ako, ine, ndi ntchentche zomwe. Nanga iwe uliko bwanji kutauniko? Kalatayi ndapatsira a Mawa, dalaivala wa lole yotibweretsera chakudya cha ziweto, poti za foni kuno ukudziwa kale, imagwira pokhapokha utakwera padenga la khola n'kuima ndi mwendo umodzi.

Nkhani ndi ya chiweto cha bambo, kamwana ka Dona kaja. Ndikuti chiweto chifukwa mpaka lero chilibe dzina. Lamulo la bambo silinasinthe: hatchi sipatsidwa dzina isanathe chaka, akuti dzina limamanga mtima. Koma utawaona m'mawa akuchikanda kuseri kwa khutu, ungaseke, mtimawo unamangidwa kalekale. Dona wakalamba, uyu ndi mwana wake wotsiriza, ndipo ukukumbuka kuti Dona anali hatchi ya mayi.

Chiwetochi chinabadwa ndi kabanga kofiira pamwamba pa chiboda chakumbuyo. Tinkati n'chibadwa basi. Tsopano kabangako kasanduka chotupa, kukula kwake ngati phwetekere wakupsa, chofewa, chopanda ubweya. Ukachisindikiza ndi chala chimaphwa pang'ono, ukachotsa chala chimadzazanso. Chikangokhudza thabwa la khola, magazi chuu! Mwini mwendo alibe nazo ntchito, akuyamwa, akudumpha, dzulo wandiluma thako.

Adokotala a ziweto anabwera Lachiwiri. Anabaya jakisoni wa dzanzi, n'kudula kachidutswa, n'kukaika m'botolo la mankhwala. Akuti ndi maso okha sangadziwe, mpaka kakayezedwe. Nditawauza kuti mlongo wanga amagwira ntchito ku labotale ya ziweto komweko, anati ndiye bwino, botolo lipite ndi a Mawa. Ulandire.

Bambo atangomva mawu akuti chotupa anakhala pa ndowa. Iwe ukudziwa kumene maganizo awo anapita. Cha mayi chinayambanso chonchi, chaching'ono, ife n'kumati chitha chokha.

Ndili ndi mapempho awiri. Titumizire mabandeji otambasuka aja, akuno ndi nsanza. Pempho lachiwiri, zotsatira zikatuluka usatilembere buku chonde. Maso a bambo sawerenganso, wowerenga ndine, ndipo ndili ndi makola oti ndisese. Mawu awiri okha: chitani chakuti.

Ndine mlongo wako,
amene umamutcha Chidule


9 Malichi

Achimwene a Chidule,

Moni nonse kumeneko. Ine ndili bwino, kungoti msana, tsiku lonse n'kuwerama. Bambo akudya? Alamu anga chifuwa chija chinatha? Ndiuzeni zoona, osati za "tilipo" zanuzo.

Botolo lafika bwinobwino, ngakhale a Mawa analiika pamodzi ndi nthochi zawo. Mabandeji ndi awo.

Musayembekeze yankho mawa, izi si zoyeza malungo. Kachidutswa kaja kayambe kalimba m'mankhwala, kenako ndimakaumba m'phula, n'kumakadula timagawo topyapyala kuposa khungu la anyezi. Timagawoto ndimatiyala pagalasi n'kutipaka utoto, ndiye adokotala athu aakulu amayang'ana pa maikulosikopu. Pamzere pali ng'ombe, agalu ndi nkhuku za anthu ena, koma ndawanyengerera kuti wathuyu adumpheko.

Pakadali pano chitani izi. Tsukani ndi madzi owiritsa othira mchere pang'ono, osakhula. Mangani bandeji molimba koma chala chizilowa pansi pake. Sinthani tsiku lililonse. Misomali ndi mathabwa osongoka m'kholamo muchotse kapena mukulunge ndi masaka. Musapake phulusa, musapake mafuta a injini, ndikukudziwani. Musamange chotupacho ndi ulusi kuti chigwe chokha, si njerewere. Ndipo ntchentche zisaterepo. Pepala latha, tembenuzani.

Kuseri kuno ndiye kuli nkhani yeniyeni, muwawerengere bambo pang'onopang'ono. Chotupa si chimodzi. Chilipo china chimene ndi mnofu wongotumphuka pabala. Chilipo choipa, khansa ya mitsempha ya magazi, chimene chimayenda m'thupi monse. Koma chilipo china, ndipo mmene mwafotokozeramo mtima wanga ukuloza kumeneko: timitsempha ta magazi timangomera tambirimbiri malo amodzi n'kupiringizana ngati ulusi wa m'dengu la telala. Ana a hatchi amabadwa nacho, kawirikawiri kumiyendo komweko. Chimaopsa ndi magazi, koma si khansa, sichiyenda. Mankhwala ake ndi mpeni: adokotala amagoneka hatchi, amachidula chonse ndi mizu yomwe, amasoka, basi. Chikachoka chonse sichibwerera.

Ndiye poti mukufuna mawu awiri, bwana, tipangane. Mukadzaona ndalemba kuti chichotseni, vinani, ndiye kuti n'chabwinocho, adokotala abwere ndi mpeni. Chikakhala choipa sindidzalemba kalata, ndidzabwera ndekha.

Kumapeto kwa mwezi uno sinditha kufika, anzanga awiri ali patchuthi. Ndikudziwa, chimwalirireni mayi ndangobwerako kamodzi. Zimandichititsa manyazi, musaganize kuti sizindikhudza. Muwauze bambo kuti chiweto chawo chili m'manja mwanga.

Ine mlongo wanu,
Mzime


17 Malichi

Mzime,

Moni. Tadzuka, koma kudzuka kwake n'komweko. Alamu ako chifuwa chinatha. Bambo kudya akudya ngati mbalame.

Mabandeji zikomo. Kalata yako ndinawawerengera mpaka pa ntchentche paja, ndipo ndaikhoma ndi msomali pakhoma la khola kuti tizitsata malangizo ako. Ndinati usalembe buku, iwe n'kulemba baibulo.

Zinthu sizili bwino. Lolemba m'mawa tinapeza bandeji ili pansi, chiweto chaikutumula ndi mano, udzu wonse wofiira ngati pophera mbuzi. Chinaima chikunjenjemera, nkhama zayera. Alamu ako anathawira kunja akulira. Ine ndinagwira mwendo, bambo anamanga.

Adokotala anabweranso. Akuti chotupa chakula msanga, ndipo zimenezo sakuzikonda. Bambo anawafunsa maso ndi maso: "Chikakhala choipacho, mankhwala alipo?" Iwo anati, "Bambo, ndisakunamizeni. Chikakhala khansa ndiye kuti mwina yalowa kale m'kati. Chifundo chake ndi jakisoni wogonetsa tulo tosadzuka. Koma tidikire zotsatira."

Chichokereni adokotala bambo sakuchoka m'khola. Dzulo anandiitana, akuti, "Mwana uja anandiuza kuchipatala kuti ndinachedwa nawo amayi ake, kuti ndinawasunga pakhomo akuvutika. Ananena zoona. Sindifuna kuzunzanso chamoyo china chifukwa choti ine ndikuchikonda." Ndinati bambo, Mzime ananena zija ndi chisoni chabe. Anati chisoni sichinama.

Ndiye funso lawo ndi ili, ndalemba mmene anenera. Chiwetochi tichisunge kapena tichichotse? Ukudziwa bambo sanena kuti kupha, amati kuchotsa. Akuti adokotala ndi mlendo, koma iwe ndi magazi awo, ndipo ndiwe amene waona m'kati mwa chinthucho. Chimene unene ndi chomwecho.

Yankha ndi lole ikubwerayi. Mawu awiri.

Chidule


23 Malichi

Achimwene,

Moni nonse, a Mawa akuliza hutala panja, ndikulemba choimirira. Zotsatira zatuluka tsopano lino. Chichotseni msanga! Musachedwe nacho, kuchisunga n'kungotaya magazi pachabe. Adokotala abwere sabata yamawa isanathe. Pepala silinasainidwe, libwera pambuyo. Mwaona, mawu awiri!

Mzime


31 Malichi

Mzime,

Moni. Tilipo.

Tachita monga unanenera. Adokotala anabwera Lachiwiri m'mawa. Sizinatenge nthawi. Bambo anachigwira mutu mpaka zonse zitatha, amachilankhula kukhutu. Dona tamutsekera m'khola lina, akungolira, mkaka ukuchucha.

Mabandeji ena usatumize, atsala ambiri.

Bambo akuti zikomo poyankha msanga. Ubwera liti? Nyumba ino ikufuna munthu wolongolola.

Chidule


5 Epulo

Achimwene a Chidule,

Moni, moni, moni! Bambo ali bwanji tsopano, mtima wakhala pansi? Kalata yanu ndaiwerenga katatu, ngakhale ndi yowuma ngati chikuni. Munthu opaleshoni yatheka bwino, inu n'kulemba ngati mukupereka lipoti kupolisi! Simunandiuze n'komwe kuti anasoka bwanji, chikuponda pansi kapena chikutsimphina.

Pepala la zotsatira ndi ilo, lasainidwa. Dzina lachizungu ndi hemanjiyoma, mukaliyesere kutchula mukusesa. Tanthauzo lake ndi lija ndinakuuzani: timitsempha ta magazi tongopiringizana, topanda khansa ngakhale pang'ono. Adokotala aakulu anandiitana kuti ndidzaone ndekha. Achimwene, n'zokongola! Timibulu tofiira tondandana bwinobwino, chilichonse pamalo pake, palibe kolusa ngakhale kamodzi. Ndinafuula mu labotale anthu mpaka kutembenuka. Nthawi yomweyo a Mawa hutala panja, ine kuthamanga ndi cholembera.

Tsopano tamverani. Dona musamulekanitse ndi mwana wake nthawi yaitali, mwanayo akufunika kuyamwa kuti magazi abwerere. Akhale khola limodzi louma, asathamange mpaka ulusi utachotsedwa. Bandeji isanyowe. Pabala pa mwendo wa hatchi pamakonda kumera mnofu wotumphuka, mukaona zofiira zikukwera muitane adokotala msanga. Ndipo chotupa chimene anadulacho anachisunga? Chibwere m'botolo, tione m'mphepete mwake ngati anachotsa chonse. Pakatsala kachidutswa chimatha kumeranso.

M'phukusimo muli chingwe cha kumutu, chofiira, chachikopa chofewa. Ndinachiona pawindo la sitolo ndipo miyendo inakana kupitirira. N'chachikulu pang'ono, chikulira momwemo. Muwauze bambo kuti chaka chikakwana ndidzabwera kudzamva dzina, ndipo akadzachitcha dzina lonyansa ngati la galu uja ankati Msonkho, ndidzakana.

Mukudziwa, achimwene, kwa nthawi yoyamba chimwalirireni mayi ndikumva ngati ndawachitirako bambo kanthu kabwino.

Mzime wanu

Lachinayi m'mawa. A Mawa afika kudzatenga phukusi, ndipo akundipatsa kalata yanu ina yamakwinya, yothimbirira ndi girisi. Akuti inagwera kuseri kwa mpando, aipeza dzulo akufuna sipanala. Ya pa 17 Malichi! Munthu uyu dzina lake analipeza. Ndimata envelopuyi kaye, ndiiwerenge iwo akumwa tiyi.


6 Epulo

Achimwene,

Ndawerenga. A Mawa ndawagwira pageti.

Kalata iyi sindinaione. Funso la bambo sindinalione. Ine ndimanena chotupa.

Mwachotsa chiyani? Achimwene, ndiuzeni kuti mwachotsa chiyani.

Mzime


7 Epulo

Mlongo wanga,

Moni ndikupatsa chifukwa ndi mwambo wa kalata. Lole ikutsitsa matumba, ine ndakhala m'chipinda chosungira zishalo, chitseko ndatseka.

Chiweto chinapita, Mzime. Tinachikwirira kuseri kwa khola lakale, pamene pali dothi lofewa.

Kakalata kako kanafika Lachisanu lija. Ife tinali tikudikira yankho la funso limodzi lokha, ndiye titaona "chichotseni msanga" panalibenso china choganiza. Ndinawerenga mokweza. Bambo anati ndibwereze. Ndinabwereza. Anati, "Musachedwe nacho. Wanena choncho?" Ndinati eya. Anavula chipewa n'kulowa m'khola.

Adokotala, ndisawanamizire, anayesetsa. Atafika anafunsa kuti, "Pepala la zotsatira lili kuti?" Bambo anati, "Mwana wanga ndiye woyeza. Mawu ake ndiye pepala." Adokotala anatenga kakalata kako, anawerenga kawiri, n'kundiyang'ana ine. "Inu munamufunsa kuti chiyani?" Ine ndinati, "Tinamufunsa ngati chiwetochi tichisunge kapena tichichotse." Ndine ndinanena zimenezo, ndi pakamwa pangapa. Anati tidikireko pepala sabata imodzi. Bambo anati, "Ndinadikirapo kale ine." Bandeji inali itafiiranso m'mawa umenewo. Adokotala anapita kugalimoto kukatenga chikwama.

Lero nditawerenga makalata ako awiriwa ndinaona mawu akuti "lija ndinakuuzani". Ndinati anandiuza liti? Ndinathamangira kukhola. Kalata yako ija ikadali pakhoma pomwe ndinaikhoma. Ndinaichotsa pamsomali, n'kuitembenuza.

Mzime, zonse zinali pamenepo. Vinani, unatero. Masiku onse aja yankho linali litayang'ana kukhoma, pamwamba penipeni pa mutu wa chiwetocho, ine n'kumadutsa ndi fosholo. Pansi pa tsamba unalemba kuti tembenuzani, ndinawaona mawuwo, ndinati ndidzamaliza ndikapeza mpata. Safunsa anadya phula, koma ine ngakhale kufunsa sikunafunike, kunali kungotembenuza pepala. Ndakhala ndikunyadira dzina la Chidule ngati ndi digiri. Usadziimbe mlandu wekha, wopha ndine.

Bambo sakudziwa. Phukusi anatsegula ndi iwo, chingwe chofiira chili m'manja mwawo, akuti mwina unagula kale zotsatira zisanatuluke. Anafunsa kuti kalata ikuti chiyani, ndinati ndi moni chabe ndi malangizo akale. Pepala ndabisa m'thumba la ovolosi. Alamu ako ndawauza, akungoyenda uku ndi uku ngati nkhuku yofuna poikira.

Tiwauze kapena tisawauze? Ulendo uno lemba zambiri mmene ungathere. Ndiwerenga zonse.

Mlongo wako


13 Epulo

Achimwene,

Moni. Mwadzuka bwanji, ngati mukugona n'komwe. Ine kuntchito ndikupita, koma dzulo ndathyola magalasi awiri ndipo andiuza kuti ndikapume.

Musalande mlandu wanga. Inu simunatembenuze pepala, inde. Koma ine ndinakulira m'khola lomwelo. Ndikudziwa kuyambira ndili kamwana kuti kwathu kuchotsa n'kutani. Hatchi yothyoka mwendo ija bambo anati "tiichotse", ine ndinalira sabata yathunthu. Ndiye ine yemweyo n'kutenga mawu amenewo n'kuwasandutsa chizindikiro cha chisangalalo! Kuno ku labotale timangoti chichotsedwe, chichotsedwe, tsiku lonse, mpaka ndinaiwala chilankhulo cha kwathu. Panangofunika liwu limodzi, achimwene. Chotupacho. Inki inalipo, malo papepala analipo. Ndinalisiya kuti ndikusekeni, kuti muone kuti nanenso ndimatha kulemba mwachidule. Ndipo "musachedwe" uja, mwa mawu onse a padziko, ndinasankha amenewo kulembera bambo.

Galasi lija likadali pashelefu yanga. Ndimaliika pa maikulosikopu n'kumayang'ana timibulu tija. Chiweto chonse chatsala pamenepo, kagawo kopyapyala kopanda matenda.

Adokotala a kwanuko alandira pepala lawo. Anaimba foni kuno, anandifunsa kawiri ngati botolo silinasinthane ndi lina. Ndinati ayi. Akufuna kubwera kudzawauza bambo okha. Ndawapempha kuti adikire.

Musawauze. Nenani kuti pepala a Mawa anataya, ndani angakane? Panopa bambo akuganiza kuti anachitira chiweto chawo chifundo. Tikawalanda zimenezo atsala ndi chiyani? Madzi akatayika sawoleka. Ndikudziwa kuti mwina ndikudzitchinjiriza ndekha, kuti ndikuopa nkhope yawo. Sindikutha kusiyanitsa.

Dona muzimukama pang'ono kuti bere lisatupe.

Mzime


21 Epulo

Mwana wanga Mzime,

Ndine bambo ako. Dzanja ndi la mpongozi wanga, mawu ndi anga. Ndamuuza kuti alembe zonse mmene ndikunenera, asadule ngati mwamuna wake.

Moni. Uli bwanji kumeneko? Ukudya? Akuti msana ukukuvuta, uziimirira pakati pa ntchito. Ine ndilipo. Dona wasiya kulira, koma madzulo amakaima kuseri kwa khola lakale, ndipo ndimamusiya.

Ndalemba kuti ndikuthokoze. Sinali nkhani yopepuka kuti mwana auze bambo ake mawu aja. Wina akanazungulira, akanati tiyeseko ichi, tiyeseko icho, kuopa kundipweteka. Iwe unanena mosabisa, ngati amayi ako. Ndinakwiya nawe tsiku limodzi, ndisaname. Chinali chikuyamwa m'mawa umenewo, chinandigwira malaya ndi mano. Ndinati chamoyo chodwala chingasewere chonchi? Koma ndinakumbuka kuti amayi akonso ankaseka mpaka mwezi wotsiriza, ine n'kumati achira. Ndiye ndinati ayi, mwana waona ndi makina, ine ndikuona ndi mtima, ndipo mtima wanga unandinamizapo kale. Ulendo uno sindinachedwe, mwana wanga.

Chingwe chofiira ndachipachika pamsomali m'khola. Pamsomalipo panali kalata yako, sindikudziwa anaichotsa ndani. N'chabwino chingwecho, uli ndi diso.

Dzina ndinali nalo kale, ngakhale ndinkakana. Ndinalipeza tsiku lomwe chinabadwa. Poti chinali chotsiriza cha Dona, ndinati chidzakhala Mzime, kuti pakhomo pano pazikhala wina woyankha ndikaitana dzinalo. Ndinachiuza kukhutu adokotala akubaya, kuti chisapite chopanda dzina.

Pali chimodzi chikundisowetsa mtendere. M'nyumba muno anthu akuyenda ngati pali mazira pansi. Mlongo wako sandiyang'ana kumaso. Adokotala anadutsa pamsewu Lachitatu, ndinawakweza dzanja, sanaime. Mpongozi wanga pano akulemba akupukuta m'maso, akuti ndi chimfine. Pepala la zotsatira akuti a Mawa anataya. Ine maso anafa koma makutu alipo.

Kuntchito kwanu sangalephere kukupatsa lina. Ubwere nalo, udzandiwerengere wekha. Ndikufuna ndimve dzina la matenda amene ananditengera Mzime wanga wamng'ono, ndilidziwe, ndigone.

Ndine bambo ako


27 Epulo

Bambo,

Moni. Kalata yanu ndalandira, ndipo ndaiwerenga mbali zonse ziwiri.

Ndifika Loweruka ndi basi ya m'mawa. Achimwene asavutike kudzandichingamira, ndiyenda pansi. Adokotala ndawapempha kuti abwere masana.

Pepala silinatayike. Ndidzakuwerengerani ndekha, m'khola, achimwene ali pomwepo. Ndi lalitali, bambo, ndipo sindidzadumpha liwu ngakhale limodzi. Inu simunachedwe, ndipo simunalakwe. Zinazo ndidzanena ndikukuyang'anani.

Chingwe chofiira musachichotse pamsomali. Ndikati musachichotse ndikunena chingwecho.

Mwana wanu,
Mzime